Mutu Kumpoto

Michiyo ndiye anayamba kuziona, m'nyumba ya alendo ya m'mphepete mwa nkhalango ya Daisetsuzan ku Japan. Madzulo anawayalira apongozi ake, a Tokuzo, mutu kum'mawa. Kutacha anapeza matiresi atatembenuka, nkhalamba ili gone mutu kumpoto, monga agonekera mtembo kumeneko.

Mwamuna wake Genzo anati mwina bambo amagubuduzika kutulo. Koma munthu n'kugubuduzika ndi matiresi omwe?

Ulendo unapitirira. Pakamwa ankati ngokaona mapiri ndi akasupe otentha, koma atatu onsewo ankadziwa kuti kuseri kwa mapiriwo kuli nyumba yosungira okalamba, kumene Genzo ankakasiya bambo ake. Chipale chofewa chinali chitalemera pamitengo mpaka nthambi kuwerama, matcheni a matayala akulira, agwape ataima m'mbali mwa msewu n'kumangowayang'ana.

Pamalo achiwiri zinachitikanso. Mayi wophika ananong'oneza Michiyo kuti mlendo wina zinamuonekera zomwezi, ndipo chipale chisanasungunuke anali atamuika m'manda. Michiyo chakudya chinamukanika.

Usiku wotsatira Genzo anagona khutu lili tcheru. Mphepo inkalira m'mipata ya zitseko zapepala, mdima uli bii, chipale chikugumuka padenga apo ndi apo. Kenako anamva khwee, khwee, pamkeka. Atayatsa nyali anapeza a Tokuzo akukoka matiresi awo, ali wefuwefu.

"Bambo, pamsinkhu wanuwu?"

"Ndimati muchita mantha, tibwerera," anayankha motsitsa. "Uko ukandisiya ndikagona chonchi basi. Ndikuzolowereratu."

Genzo anati masewera atha, mawa lake kutacha ulendo ngomwewo. Koma tsiku limenelo msewu unali utatsekeka ndi chipale, choncho anagonanso pomwepo. Genzo anamwa mowa wake wa sake, nadziyalira chopingasa pakhomo.

M'mawa a Tokuzo anali momwe anawagonekera. Amene anadzuka pakati pa chipinda, mutu kumpoto, kansalu koyera ka maliro kali kumaso, anali Genzo, chimunthu choti nkhalamba sikanatha kuchinyamula ndi mwendo womwe. A Tokuzo anafulumira kukana.

"Ine ayi, mwana wanga. Ine ayi."

Mwini nyumba analumbira kuti sanamve kanthu. Genzo anangolongedza katundu. Anapala chipale pagalasi, natembenuza galimoto kuloza kwawo ku Otaru, bambo ake ali pampando wakumbuyo.

Michiyo maso anali kumitengo, dzanja likusisita msana ngati munthu amene wakoka cholemera usiku. Genzo atafunsa chamupweteka, iye anati wangogona moipa.