Nyenyezi ya Renata

Pakoleji yathu yaing'ono ku Iowa, nyumba yoonera nyenyezi ili kuseri kwa minda ya chimanga. Pulofesa Halvorsen anali ndi lamulo limodzi: makina akamajambula kumwamba, chitseko chokwerera kumakinawo sichitsegulidwa, ngakhale wina akufa. Kuwala kwa nyale zapansi kumaononga chithunzi.

Renata, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anamvera lamulolo nyengo ziwiri zachisanu, akuyeza kanyenyezi kena kothimathima. Zala zake zinachita kung'aluka. Zotsatira zitasindikizidwa, dzina linali la Halvorsen yekha. Renata anasiya sukulu, ndipo popita kwawo galimoto yake inaterereka pamsewu woundana ndi chisanu, iye n'kufera pomwepo. Halvorsen ngakhale kumaliro sanabwere. Ndinkamuda, ndisaname.

Lachinayi lina madzulo anandisiya pakompyuta m'chipinda chapansi, iye n'kukwera yekha kumakina.

"Dalia, mphindi makumi anayi. Undikiyire chitseko, ana a chaka choyambawa amangolowa ngati mbuzi."

Ndinakiya.

Posakhalitsa ndinamva denga la kumakinako, lomwe timaliyendetsa ndi kompyuta, likuzungulira. Ine sindinakhudze kanthu. Manambala pakompyuta anayamba kusintha okha, mpaka anaima pa amene ndinkawadziwa pamtima. Anali olozera kanyenyezi kaja, ndipo Renata anawalemba pakhoma, pamwamba pa bedi lake.

Kenako kunsi kwa chitseko kunaoneka kuwala kofiira, kwa tochi zija timayendera mumdima. Ya Halvorsen inali patebulo panga, anaiiwala.

"Dalia, ndiwe?" anafunsa Halvorsen kuseri kwa chitsekocho.

Kenako anakweza mawu.

"Ndani ameneyo? Ayi... Dalia! Tsegula, mwana iwe!"

Anamenya chitseko ndi manja onse. Kiyi anali m'dzanja langa. Ndinayang'ana wotchi.

"Pepani, a Pulofesa. Zatsala mphindi makumi awiri."

Anakuwa. Anachonderera. Kenako mawu ake anatsika, n'kuyamba kutchula manambala imodziimodzi, ngati mwana amene akubwereza zimene aphunzitsi akunena. Mawu a winayo sindinawamve.

Nthawi itakwana ndinatsegula. Anali atakhala pansi, ndevu zili mbuu ndi chisanu. Tochi munalibe. M'buku la kumakinako, lomwe timalembamo zimene taona usiku, tsamba lonse linali lodzaza, ndipo kalembedwe kanali ka Renata.

Lolemba m'mawa Halvorsen analembera osindikiza aja kuti aike dzina la mwini ntchito. Anzanga amanong'onezana kuti mkuluyo mutu wayamba kusokonekera, ena amati ndi chisanu chabe. Iye mpaka lero sanandifunse chifukwa chake sindinatsegule. Lamulo linali lake lomwe.