Makanika Amene Anagulitsa Mphuno Yake

Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense pamsewu wa magalaja uja ankangomuti Mphuno. Sikuti mphunoyo inali yaikulu ayi, inali mphuno wamba, yothimbirira ndi girisi masiku onse. Koma inkamva. Gasi wa m'galimoto amamuthira dala fungo loipa, longa la dzira lovunda, kuti akamatuluka anthu adziwe msanga, ndipo Mphuno ankalimva fungo limeneli ena onse asanayambe n'kukayikira komwe. Ankangowerama, n'kununkhiza kawiri, n'kuloza ndi chala pamene paipi yang'aluka.

Luso analinalo, koma luso silipita m'mimba. Masiku amenewo petulo anali atakwera mtengo, ndipo eni galimoto zakale zija zokoka matayala onse anayi, zodutsa m'matope ndi m'miyala koma zomwa mafuta ngati zabooka, ankathamangira kukaziikitsa gasi. Ntchitoyi Mphuno ankaidziwa bwino: kumanga thanki kumbuyo, kuyendetsa mapaipi pansi mpaka ku injini, kuika kachipangizo kosandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya, n'kumalizira ndi kabatani kosinthira ku gasi pafupi ndi chiwongolero. Koma shedi yake inali ya malata obookabooka, pamene tsidya la msewu kunali galaja yaikulu yopaka penti, ya mipando yodikirirapo. Anthu ankapita kumeneko. Akawamalizira ntchito, ankaoloka msewu kudzapempha Mphuno kuti angowanunkhizirako, n'kumusiyira zikomo wouma.

Chimene chinkamudya kwambiri n'chakuti mwini galaja ija anaphunzira naye limodzi, ndipo anali munthu wosatha kumanga nati osaipotoza. Tsopano anali atatuluka mimba. Mphuno ankamuyang'ana tsiku lonse mtima ukuwawa, kwinaku kunyumba ana ake awiri akusinthana nsapato imodzi popita kusukulu.

Amene anamulozera kwa sing'anga anali womata matayala wa pakona. Mphuno anapitako m'mawa wina, kuchipinda cha kuseri kwa sitolo ya ziwiya. Ankayembekezera nyanga ndi zikopa, koma anapeza bambo wa shati yoyera yosita bwino, atakhala patebulo. Kukhoma kunali mabotolo ang'onoang'ono otsekedwa, ali ndandanda, onse ooneka opanda kanthu.

"Musanjenjemere, mwana wanu sindimufuna," anatero sing'angayo atamva dandaulo lonse. "Magazi amadetsa m'nyumba. Ine ndimatenga chinthu chimodzi chimene munthu amadziwika nacho. Inu mundipatsa mphuno."

Mphuno anadzigwira kumaso. Bamboyo anamwetulira.

"Mnofuwo khalani nawo, ndikufuna za m'katimo. Malamulo ndi awiri basi. Asadziwe munthu, ngakhale akazi anu. Ndipo galimoto iliyonse mukaimaliza, muziinunkhiza mwiniwake akuona, monga mwa kale, n'kunena kuti ili bwino. Thovu la sopo lija anzanu amapaka m'mapaipi pofufuza potuluka gasi, inu lisakhudze paipi yanu."

"Nanga ikakhala kuti sili bwino?"

"Mudzadziwa bwanji?" anayankha sing'angayo modekha.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanatola chipewa chake n'kutsanzika. Koma Mphuno anayamba kudzinyengerera. Anati manja ake ndi abwino, nati yomanga iye sinamasukepo, ndiye mphuno yantchito yanji? Anapumira m'kabotolo katatu monga anamuuzira, ndipo bamboyo anatseka n'kukaika pamzere pamodzi ndi tinzake. Pobwerera anadutsa pamtaya pamene ankaotchapo zinyalala. Utsi unamulowa m'maso mpaka misozi, koma fungo sanalimve.

Chuma chinabwera ngati chinkadikirira pakhomo. Mwezi usanathe, galimoto zinkafola kuchokera pashedi yake mpaka pakona. Anthu ankauzana kuti galimoto yoikidwa gasi ndi Mphuno imakwera phiri osatsokomola. Chaka chisanathe anamanga galaja ya njerwa, analemba amakanika asanu, ndipo galaja ya tsidya ija inatsekedwa. Ana anavala nsapato aliyense zake. Komatu mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Choyamba kutha chinali kukoma kwa chakudya. Nyama imene ankailakalaka zaka zonse zija inkangokhala ngati akutafuna thonje. Tsiku lina mphika unapserera iye ali m'khitchini momwemo, ndipo mkazi wake atathamangira kuchokera panja n'kumufunsa ngati sakumva, ananama kuti ali ndi chimfine. Chimfinecho chinakhala zaka ziwiri. Izi akanapirira. Chimene chinkamuvuta ndi mphindi ija yomaliza pa galimoto iliyonse, pamene mwiniwake ankaima pambali ndi nkhope ya chikhulupiriro, iye n'kuwerama, n'kukoka mpweya kawiri wopanda kanthu, n'kunena kuti ili bwino. Ankanama kangapo patsiku, ndipo bodza lililonse linkatuluka pageti litanyamula anthu.

Kenako dalaivala wa pafamu ina anapsa manja onse awiri, moto utabuka pansi pa mpando wa galimoto imene Mphuno anaiika gasi. Anthu anati paipi inagunda mwala, pajatu misewu ya kumeneko ndi yoipa. Mphuno anavomereza nawo. Anapita kuchipatala ndi thumba la malalanje, ndipo wodwalayo anamuthokoza chifukwa cha mtima wabwino. Kuthokozako kunamubaya kuposa kutukwanidwa. Pochoka kumeneko anapita kwa sing'anga kukapempha kuti amubwezere chinthu chake.

"Botolo lanu lilipo, ndipo limatseguka lokha," anatero bamboyo. "Tsiku limene mudzauze munthu, mphuno idzabwerera. Zina zonse zidzabwereranso kumene zinachokera. Sankhani nokha, ine sindikakamiza munthu."

Mphuno anaganiza za njerwa zake, za nsapato za ana, za maso a anthu akadzamva. Anabwerera kugalaja osatsegula pakamwa.

Patapita miyezi itatu kunabwera achimwene ake. Amenewa ndi amene anamulera bambo awo atamwalira, ndipo ndi amene anamutumiza kukaphunzira umakanika iwo akuvala zigamba. Ankakhala kumapiri, kumene msewu umatha mvula ikagwa, ndipo ankayendetsabe galimoto yakale imene bambo awo anasiya. Inkanyamula mbewu, inkanyamula odwala, inkanyamula aliyense woimika dzanja. Petulo anali atawatopetsa, choncho anabwera ndi akazi awo kuti mng'ono wawo awaikire gasi.

Mphuno anayesa kuzemba. Anati galimotoyo yakalamba, pansi padya dzimbiri, zipangizo zake n'zosowa. Anati angowagulira petulo mwezi uliwonse. Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinabwere kudzapempha mafuta," anatero. "Za anthu achilendo ukukonza tsiku ndi tsiku. Kapena poti walemera, galimoto ya bambo athu yayamba kukununkha?"

Zitatero sakanakananso. Ntchitoyo anaigwira yekha masiku anayi, osalola wantchito aliyense kuyandikira. Anagula thanki yatsopano ndi mapaipi abwino koposa. Nati iliyonse ankaimanga, n'kubwereranso kukaimanga, n'kubwereranso kachitatu. Makanika aliyense amadziwa kuti nati ukaimanga mopitirira muyeso imang'amba mlomo wa paipi ya mkuwa. Nayenso ankadziwa, koma mantha alibe muyeso. Kuseri kwa mpando wakumbuyo, pamene paipi imachoka m'thanki, mlomo unang'aluka pang'ono kwambiri, posaoneka ndi maso.

Tsiku lotenga galimoto, pagalaja panali anthu ambiri. Achimwene anayatsa injini, anadina kabatani kosinthira ku gasi, ndipo galimoto yakaleyo inalira mosalala moti anaseka ngati mwana. Akazi awo analowa n'kukhala, kenako anakwinya nkhope.

"Alamu, pepani, koma muno mukumveka kafungo ngati ka dzira lovunda."

Achimwene anaseka kwambiri. Anafunsa anthu onse ngati anaonapo mayi wolima kabichi akuphunzitsa Mphuno kununkhiza. Anthu anaseka nawo, ndipo maso onse anatembenukira kwa mwini galaja. Pampopi, mapazi asanu kuchokera pamene anaima, panali ndowa ya madzi a sopo imene antchito ankasambiramo m'manja. Mphuno anaiona. Sitinganene kuti sanaione. Kenako analowetsa mutu m'galimoto, anakoka mpweya kawiri, n'kutulukamo.

"Ili bwino, alamu. Ndi kafungo kotsalira pothira paja. Katha."

Mayiwo anapepesa mwamanyazi. Galimoto inatuluka pageti, achimwene akukweza dzanja pazenera. Mphuno anadziuza kuti mawa lomwelo awatsatira kumapiri, apeze chifukwa chilichonse choibwezera galimotoyo kugalaja.

Mawa lake linamutsogolera. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sauluka, amatsikira pansi n'kudikira. Galimoto inagona m'shedi yotseka, mazenera onse otseka. M'mawa achimwene analowamo kuti akatenge mayi wina woyembekezera kupita naye kuchipatala, ndipo monga mwa chizolowezi chawo, asanayatse injini anayamba ayatsa ndudu. Phokoso lake linamveka mpaka kutsidya kwa chigwa.

Pamaliro palibe anamuloza chala. Anthu anati galimotoyo inali yakale, ndipo ena anamuyamikira chifukwa cha bokosi labwino limene anagula. Mphuno ankangolakalaka wina atamumenya.

Patatha sabata mlamu wake anamupeza kuseri kwa nyumba, pamene panali phulusa la shedi ija. Iye anaimirira, akuganiza kuti nthawi yomuimba mlandu yafika. Koma mayiwo anakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Alamu, achimwene anu ndawapha ndine. Fungo lija silinathe. Ndinalimva njira yonse, ndinalimvanso titafika. Koma ndinati ine ndani, poti eniake a ntchito anena kuti zili bwino. Ndikanangolimbikira, bwenzi ali moyo. Ana anga ndidzawauza chiyani?"

Zonse anazipirira, koma ichi chinamukanika. Kuona mayi wosalakwa akusenza mtembo umene unali wake wa iye, pakamwa panatseguka pokha. Ananena zonse: za kabotolo, za malamulo awiri, za ndowa ya pampopi. Anati tsiku lija sanamve kanthu, ndipo zaka ziwiri zonse sanamvepo kanthu. Mlamu wake anasiya kulira. Anamuyang'ana, anaimirira, analowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanamulankhulenso mawu ngakhale amodzi.

Pomwepo mphuno inabwerera, monga sing'anga ananenera. Koma inabwerera ndi fungo limodzi lokha, la dzira lovunda. Analimva m'malaya ake, m'madzi akumwa, m'tsitsi la ana ake. Nkhani inafalikira, eni galimoto anabwera mwaukali kudzachotsetsa mathanki, amakanika ake anabalalika, galaja inatsekedwa. Mkazi wake anatenga ana n'kupita kwawo, chifukwa bamboyo sankalolanso kuti m'nyumba muyatsidwe moto.

Lero ukadutsa pamsewu wa magalaja uja umupeza, wosavala nsapato, akuyenda chowerama. Amalanda anthu machesi, amagubuduza mbaula za amayi ogulitsa, ndipo galimoto ikaima amagogoda pazenera n'kuchonderera amene ali m'katimo kuti atsike, gasi akutuluka. Ena amamuseka, ena amatseka zenera. Tsopano akuchenjeza aliyense, pamene palibenso womukhulupirira.

Inu amene mtima ukukuwawani poona galaja ya mnzanu, dekhani ndi shedi yanu yobooka. Chuma cha zitsamba sichibwera chaulere, ndipo kawirikawiri amene amachilipira si amene anapita kukachitenga, koma amene ankamukhulupirira. Umphawi umapweteka, koma munthu wosauka amatha kuyang'ana m'bale wake m'maso n'kumuuza zoona.