Mbande ya Chadodolido

"Kodi amuna anu makina awo adzayenda liti?"

Anafunsa ndi mayi woyandikana nawo nyumba, akuyanika zovala pamodzi ndi mkazi wa mmisiri wa zitsulo, ndipo sanafunse mwachipongwe ayi. Koma mwamunayo, amene anthu ankamutcha Sipanala, anamva ali m'shedi, ndipo funsolo silinamuchoke m'mutu tsiku lonse.

Zaka zitatu anali akupanga makina owokera mbande, okankha ndi manja. Kutsogolo kunali kachitsulo kong'amba dothi, pakati tcheni cha njinga chokhala ndi timakapu tonyamula mbande, kumbuyo timawilo totsendera dothi. Papepala ankaoneka bwino. M'dimba ankachititsa manyazi. Pa mbande zana za kabichi, makumi anayi zinkagwa chogona, zina zitathyoka khosi. Mkazi wake ndiye ankafesa mbandezo ndi kuzithirira. Poyesa makina ankatsatira pambuyo akuwerenga zoima ndi zakugwa, ndipo zakugwazo ankazidzutsa ndi zala.

"Bambo, kapu ikumatseguka mochedwa," ankatero. "Bwanji mufewetse sipuling'i?"

"Iwe zachitsulo unaphunzira kuti? Werenga masamba akowo."

Kutsidya kwa msewu kunali mnzake wa kusukulu amene ankangowotcherera mageti, koma anali atagula galimoto. Sipanala akaiona, mtima unkamuwawa. "Ine wopanga zanzeru ndiziyenda wapansi, mbuli yopinda zitsulo ikundiimbira hutala?"

Mapeto ake Sipanala anapita kwa sing'anga wina. Anamupeza masanasana, m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mafoni, atavala jekete yosita bwino.

"Mukufuna makina ayende, kapena agulidwe?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse."

"Chabwino, bwana mmisiri. Ntchito yanuyi mukuidziwa: mbande kuti ikule kwina, amayamba aizula kwina." Anamupatsa kabotolo ka mafuta akuda. "Muzipaka patcheni. Makina alionse asanapite kwa wogula, muyese mzere umodzi. Zonse zidzaima njo, koma yomaliza idzalowa chadodolido, mizu kumwamba. Musaikhudze, wina asaikhudze. Muime pomwepo, mutchule dzina."

"Mayina ndili nawo," anatero Sipanala mokondwa, akuganiza za wamageti uja. "Adani anga ndi ambiri."

Sing'anga anaseka chapansipansi. "Mdani alibe mizu mwa inu. Tizulapo chiyani? Mutchule munthu amene anakuchitiranipo zabwino."

Munthu wamutu wabwino akanadzuka n'kumapita. Sipanala anangofunsa ngati kabotolo kamodzi kakwane.

Makina anayenda. Mizere ya tomato inaima ngati yoyeza ndi chingwe, alimi n'kuyamba kulimbirana. Sipanala analetsa mkazi wake kubwera koyesa, ati ntchitoyo yakula, siyofunanso anthu osadziwa.

Woyamba kutchulidwa anali mayi wogulitsa tiyi pakona, amene ankamuthirira kapu yachiwiri osanena kanthu akaona kuti sanadye. Mbande ija inafota masiku atatu. Mayiyo anayamba kuwonda, sabata isanathe anamwalira. Sipanala anapita kumaliro atavala nsapato zatsopano, akuzipukuta fumbi ndi mpango.

Wachiwiri anali mkulu amene ankamubwereka makina owotcherera, a Sipanala akawonongeka. Wachitatu anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene anamupatsa kachigawo ka dimba koyeserapo makina. Mkazi analira mpaka mawu kutha. Sipanala anagula bokosi lonyezimira, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa anamva mtengo wake.

Kenaka mayina anayamba kuvuta. Anthu amene tsopano ankamuzungulira anali omuwombera m'manja kuti awagulire mowa. Anayesa kutchula mmodzi wa iwo, tcheni chinaduka pomwepo. Wogula wamkulu anali akudikira, wa minda yambiri, amene analonjeza kuti makinawo akamukomera adzatenganso ena. Sipanala anathamangira kukachipinda kaja.

"Anthu abwino atha," anadandaula, ngati walakwiridwa ndi iye.

"Atha?" sing'anga anafunsa akupukuta magalasi. "Nanga ovololo yanuyi amachapa ndani?"

Mukuganiza kuti anakana? Anangofunsa ngati munthu amamva kuwawa kwambiri.

M'mawa mwake anakankha makina pamzere wa kabichi. Mbande zinaima bwino, yomaliza n'kulowa mizu kumwamba. Anaima pomwepo, dzina lili kale palilime. Sanamve kuti kumbuyo kwake kukubwera munthu. Anali mkazi wake, chipewa chili m'manja, poti anaona kuti mwamuna wachiiwala ndipo dzuwa linali litayamba kutentha.

"Aa, kalakwanji kameneka?" anatero mayiyo ataona kambande kaja. Anawerama monga ankachitira kale, n'kukatembenuza, n'kutsendera dothi ndi zala ziwiri.

Sipanala anakuwa ngati wapondedwa ndi galimoto. "Wandipha! Kameneko kanali kako! Wa tiyi sanavute, achimwene ako sanavute, iwe wavutiranji?"

Mayiyo anazindikira zonse. Anaika chipewa pachigwiriro cha makina, n'kubwerera kunyumba.

Tsiku lomwelo makina onse amene anagulitsa anayamba kudzala chadodolido, mzere ndi mzere. Alimi anawabweza n'kuwaunjika pakhomo pa shedi, ena atawaphwanya kale. Kachipinda ka sing'anga anakapeza muli munthu wometa tsitsi, amene sankadziwa chilichonse. Mwezi usanathe, mutu wa Sipanala unali utasokonekera. Lero amakhala m'mbali mwa msewu, akuzula udzu n'kumaubzala mizu kumwamba. Munthu akamuponyera buledi amamuthamangira akufunsa, "Dzina lanu ndani?" Ndiye anthu anasiya kumuponyera.

Ine sindimumvera chisoni, ndisaname. Umphawi si umene unamufikitsa apa, chifukwa amene anawatchula aja nawonso anali osauka. Ndi dyera. Munthu wofuna chuma chamsangamsanga amalipira ndi anthu amene amamukonda, chifukwa ndi okhawo amene ali nawo, ndipo akawamaliza amapeza kuti palibe chomugwira kuti aime.

Mkazi wake akadafesabe mbande. Iye sanatchule munthu, koma amadziona wolakwa, amati chipewa ankachinyamula ndi iye, ovololo ankachapa ndi iye. Nyengo yowokera ikafika amadzaza madengu atatu ndi mbande zonenepa kwambiri, n'kukasiya pamakomo a anthu atatu omwalira aja. Sagogoda. Amathirako madzi pang'ono kuti zisafote, n'kumapita.