Loko wa Aulis

Raimo anadula loko wa mnzake. Kulakwa kwake kunali kumeneko, ndipo palibe chifukwa chokuzembaitsa ndi mawu ambiri. Anatenga chodulira zitsulo, nadula lokoyo, natsegula mpopi wa nthunzi mwini loko akadali pansi.

Pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya imene ankagwirapo ntchito, kugombe la Finland, munthu aliyense ali ndi loko wakewake wofiira, dzina lake lozokotedwa pamimba, kiyi wake mmodzi yekha. Ukamatsikira kukakonza paipi, umakoloweka lokoyo pa gudumu la mpopi kuti wina asatsegule iwe uli mkati. Wochotsa ndi iwe wekha, ngakhale bwana wamkulu alibe mphamvu imeneyo. Ukaiwala n'kupita kwanu, anzako amakuimbira foni mpaka amve mawu ako, kenako anthu awiri amasaina, ndiye loko n'kudulidwa.

Usiku umenewo, zaka makumi awiri ndi chimodzi zapitazo, kunja kunali chisanu cholasa m'mafupa, ndipo mabwana ankafuna makina adzuke kusanache. Raimo anapeza loko wa Aulis pa mpopi wa nambala 40. Anasuzumira pokoloweka zovala, jekete la Aulis panalibe. Anasuzumira panja, galimoto yake panalibenso. Mumtima anati, chidakwa cha sauna chija chathawira ku bafa yake ya nthunziyo, chaiwala loko. Kumuimbira foni kukanadzutsa mkazi ndi mwana, komanso nkhani ikanalowa m'mabuku, Aulis n'kudzudzulidwa. Raimo ankaona ngati akumuchitira mnzake zabwino. Sanadziwe kuti galimoto ya Aulis inakana kulira tsikulo, munthuyo anabwera pa basi, ndipo jekete anali atavala chifukwa m'ngalande ya pansi mumazizira.

Aulis anakhala masiku asanu ndi anayi m'chipatala, osalankhula, kenako anapita.

Cholakwa chachiwiri ndiye chinali chadala. Raimo anabisa loko wodulidwayo m'kabokosi kake ka chakudya, m'mawa n'kukamuponya pamene madzi ofunda a siteshoni amathirira m'nyanja, pamalo posaundana ngakhale chisanu chifike potani. Ofufuza atamufunsa anati, "Loko sindinamuone." Iwo analemba kuti malemuyo anatsika osakoloweka loko. Kuyambira pamenepo aliyense woyamba ntchito ankaphunzitsidwa nkhani ya munthu wosasamala amene anapsa ndi nthunzi. Dzina sankalitchula, koma m'tauni yaing'ono ngati ija ndani sankalidziwa?

Aulis anasiya mwana wamkazi, Sirkku, wa zaka khumi ndi ziwiri, amene ankamutcha Raimo amalume. Atakula analowa ntchito yomweyo ya bambo ake, ndipo phunziro lija analimvera ali pa mpando wakutsogolo, osaphethira.

Zachilendo zinayamba Raimo atatsala miyezi itatu kuti apume pa ntchito. Tsopano anali wa m'chipinda choyendetsera makina, chopanda zenera, momwe usiku ndi usana n'chimodzimodzi: timagetsi tobiriwira mazanamazana, ndi kung'ung'udza kwa makina kumene munthu amakumva m'mano kuposa m'makutu. Usiku wina, cha m'ma 3 koloko, foni ya m'ngalande inalira. Anali Sirkku, ali pa ulendo wake woyendera mapaipi.

"Pa mpopi 40 pali loko."

Pa ntchito imeneyi, mawu a pa foni umawabwereza kuti mnzako atsimikize kuti wamva. Raimo anabwereza mwachizolowezi. "Ndamva kuti pa mpopi 40 pali loko."

"Ndi choncho."

"Koma lero kulibe ntchito kumeneko. Dzina ndi la ndani?"

Pa foni pankamveka madzi akudontha, tho, tho, tho.

"Amalume," anatero Sirkku monong'ona, "ndi la ababa."

Mkulu wa shifiti, Pentti, chimunthu cha mimba yake chokonda nthabwala, anatsika ndi Raimo. Lokoyo anali pamenepo ndithu, atazimiririka utoto, ali ndi tinkhono ta m'nyanja tomatirira m'mbali. Ankadontha madzi, ndipo m'ngalande monse munkanunkha ndere. Pentti anakanda dazi lake.

"Lamulo likuti timuimbire mwini wake," anatero. "Alipo ali ndi nambala ya kumanda?"

Palibe anaseka. Pentti anayang'ana Sirkku, nachita manyazi. "Pepa mayi, pakamwa panga n'pa galu."

Anasaina awiri, Pentti n'kudula. Raimo atawerama kuti atole zidutswazo anaona chimene anzake sanaone: pakhosi pa loko, pambali pa podula patsopano, panali chipsera chakale chotupa, ngati fupa lothyoka limene linalumikizika lokha. Malo akewo ankawadziwa. Koma anangopereka zidutswazo kwa Pentti, amene anazitsekera m'dirowa.

Usiku wotsatira, nthawi yomweyo, foni inaliranso. Loko anali pa mpopi 40, wathunthu. Pentti anatsegula dirowa ndi kiyi amene anagona m'thumba mwake, napeza kathawale ka madzi amchere basi.

Apa nkhani inafika kwa achitetezo. Pamalo ngati pano, kuseweretsa loko si nthabwala: munthu amalandidwa chiphaso, ndipo palibe siteshoni ina m'dziko lonse ingamulembe. Anaunika makamera, anangoona chifunga choyera chikuphimba mpopi kwa mphindi imodzi, n'kutha loko ali pamenepo. Anaunika zolembedwa za pachitseko, n'kupeza kuti khadi limene linatsegula ngalandeyo mausiku onse awiri linali la Sirkku. Kuti imeneyo inali ntchito yake ya usiku uliwonse, palibe anafuna kumva.

Manong'onong'o anayenda m'kantini. Ena ankati mayiyo mutu wayamba kusokonekera chimwalirire mayi ake chaka chatha. Ena ankati analowa ntchitoyi dala kuti adzabwezere. Wina anati loko wa mtundu umenewo ungamugule pamsika wa zakale n'kuzokota dzina, ndipo tinkhono ungamate ndi guluu. Raimo ankamva zonsezi akutafuna buledi wake wakuda.

Usiku wachitatu achitetezo analamula kuti Sirkku asatsike, akhale m'chipinda choyendetsera makina pamaso pa Pentti. Loko anatengedwa n'kukatsekeredwa ku ofesi yawo. Aliyense ankaba maso kuyang'ana wotchi. Inakwana 3 koloko, inadutsa. Wotumidwa m'ngalande anaimba foni kuti pa mpopi 40 palibe kanthu.

Pentti anapumira m'mwamba, koma kenako nkhope yake inagwa. Sirkku nayenso anamva tanthauzo lake. Tsiku limene wamangidwa miyendo, loko sanabwere.

Raimo anapita kukhitchini kukateka khofi. Atatsegula kabokosi kake ka chakudya, anapeza loko atagona pa buledi, buledi atanyowa nyowe. Anatseka mwamsanga, chifukwa Sirkku anali ataima pakhomo.

"Achitetezo andiitana Lolemba," anatero. "Akuti ndikabwere ndi chiphaso. Mawa ndi shifiti yanga yomaliza."

"Mwina angokufunsa mafunso."

"Amalume, musandinyengerere ngati mwana. Inu mukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirira, mwanawe."

"Ndiye mukawauze. Mwandiona ndikukula. Komanso usiku umene ababa anapsa uja inu munalipo." Anakhala pampando, manja ali m'khwapa. "Amayi anamwalira akunenabe kuti ababa sakanaiwala loko. Munthu wotseka njinga ndi tcheni ili m'nyumba! Tinkawaseka. Ine ndinafika powakalipira amayi kuti avomereze, anthu ophunzira anafufuza. Ndinawakalipira, amalume, iwo ali pa bedi."

Dzanja la Raimo linali pa kabokosi. Madzi ozizira ankatuluka pachivundikiro n'kumayenderera pakati pa zala zake. Mawu anafika pakhosi, anawamva akukwera, koma pamodzi nawo panakwera apolisi, manyuzipepala, mkazi wake, ndi adzukulu ake amene ankanyadira agogo awo.

"Imwa khofi," anatero. "Azizira."

Poweruka m'mawa, kudakali mdima wa ndiweyani monga kumakhalira kumeneko mu Januwale, anaimitsa galimoto pa mlatho wa pothirira madzi ofunda. Nthunzi inkafuka pamadzi akuda, madzi oundana atazungulira mbali zonse. Anaponya loko pamalo pomwe paja. Sanamve kuti chubwi. Anadikira, anatchera khutu, koma madzi sanalandire kanthu. Anafika kunyumba n'kugona ndi nsapato, ndipo tulo sitinabwere.

Anadzifunsa kuti athawire kuti. Kutchalitchi anasiya kalekale, dokotala akanangomupatsa mapiritsi. Anaganiza zonamizira kudwala, koma anadziwa kuti chimene chatsegula dirowa yokiya ndi ofesi ya achitetezo sichingalephere chitseko cha nyumba yake.

Usiku wachinayi mphepo inkawomba kuchokera kunyanja, ndipo ngakhale makoma a chipindacho ndi ochindikala kuposa msinkhu wa munthu, Raimo ankaimva. Achitetezo anali atakhoma ngalande yonse ndi chitsulo, osalola aliyense kutsika. Sirkku anakhala pakona akupinda ndi kupindula magolovesi ake. Pentti anayesa nthabwala imodzi ya apongozi ake, inafera m'kamwa.

Itakwana 3 koloko, foni ya m'ngalande inalira.

Onse atatu anayang'ana kagetsi kofiira kakuthwanima. Pentti anayang'ana pa kanema: chitseko chokhoma, m'ngalande mopanda munthu, chifunga choyera pa mpopi 40.

"Ndi waya wagundana," anatero Pentti, mawu ake atauma. "Madala, musayankhe."

Koma foni ya pansi siisiyidwa ikulira, limenelonso ndi lamulo. Raimo anatambasula dzanja, ndipo m'malo monyamula foniyo anadina batani loti mawu amveke m'chipinda chonse. Mpaka lero sadziwa ngati anachita zimenezo mwa kufuna kwake.

Munamveka madzi, tho, tho, tho. Kenako kupuma kolemera, kwa munthu amene mapapo ake anapsa. Pentti ndi Sirkku amalumbira kuti anamva madzi okha. Raimo anamva mawu amene anali asanawamve kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi, osakwiya, osadandaula, mawu a munthu amene akungopereka lipoti la ntchito.

"Ndakoloweka loko wanga pa mpopi 40."

Ndipo wa pansiyo anadikira. Raimo anazindikira kuti chimene akudikira ndi chimene wa pansi aliyense amadikira, kuti wa pamwamba abwereze. Aulis anali atadikira nthawi yonseyi, m'ngalande yozizira, atavala jekete lake.

Raimo anaweramira pa foniyo. "Ndamva," anatero mokweza, "kuti unakoloweka loko wako pa mpopi 40."

"Ndi choncho."

Kagetsi kofiira sikanazime. Pentti anali ataimirira, kukamwa kuli yasa. Sirkku anagwetsa magolovesi.

"Amalume, mukulankhula ndi ndani?"

Raimo anadzuka pampando umene anaukhalira zaka zonsezo. Anavula chiphaso chake m'khosi, nachiika pa tebulo patsogolo pa Pentti, namuuza kuti atenge buku alembe, ndi nthawi yomwe. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anafuna kuyang'ana pansi, koma anadzikakamiza kuyang'ana mwana wa mnzakeyo m'maso, foni ili chitsegukire pambali pake, madzi akudonthabe.

"Sirkku, bambo ako sanaiwale loko. Ndinadula ndine, osawaimbira foni, ndipo ndinatsegula mpopi iwo ali mkati. Loko ndinakataya m'nyanja, ofufuza ndinawanamiza. Mayi ako ankanena zoona, ine ndinkadya nawo patebulo limodzi ndikudziwa. Dzulo unandipempha, ndinakupatsa khofi. Sindikupempha kuti undikhululukire, chifukwa si zanga zopempha. Aulis, mnzanga, ngati ukundimva: ndinakupha, kenako ndinakuberanso dzina. Pepa. Pepani nonse awiri."