Ulusi M'injini ya Galimoto Yofiira

Milutin anali makaniko wa khutu. Galimoto ikabwera ikutsokomola, iye sankathamangira sipanala ayi. Ankatenga sikuludiraiva yake yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kuika pakhutu, kenako n'kutsinzina. Akatsegula maso ankatchula matenda ake, ndipo sankaphonya. Koma lusolo silinamuveke ndi nsapato zomwe. Garaja yake, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Pek kufupi ndi Kučevo, inali chisakasa chodontha, ndipo mkazi wake Slavka ankaluka masokosi ndi majuzi n'kumakagulitsa kumsika kuti pakhomo pasalowe galu wakuda.

Womulanda chakudya pakamwa sanali munthu wakutali. Anali mlamu wake weniweni, Dobrivoje, mlongo wake wa Slavka. Mkuluyu anakhala ku Vienna zaka makumi awiri, ndipo anabwerako ndi mimba, unyolo wagolide m'khosi ndi kompyuta yopimira magalimoto. Anamanga garaja ya magalasi tsidya la msewu, maso ndi maso ndi chisakasa cha Milutin, ndipo makasitomala onse anawoloka.

Izo Milutin akanapirira. Chimene chinamulasa ndi zimene zinachitika pa slava, phwando lokumbukira woyera mtima wa banja la Dobrivoje, mudzi wonse uli pagome.

"Alamu," anatero Dobrivoje akusisita mimba, "tabwerani ndi chitsulo chanu chija mudzandimvetsere muno. Nsombayi ikugogoda ngati pisitoni."

Anthu anaseka mpaka kachasu wawo wa rakiya kutayikira pansalu.

"Musakwiye, ndi nthabwala chabe. Komanso ndikusowa munthu wosesa kugaraja kwanga. Tsache silifuna khutu, muyamba Lolemba."

Milutin anaseka ndi mano okha. Slavka anamugwira bondo pansi pa gome, koma mangawa anali atalowa kale, ndipo anakhala m'mtimamo nyengo yonse ya chisanu. Ankafuna kulemera, inde, koma koposa apo ankafuna kuona mimba ija itaphwa.

Chisanu chitasungunuka anakwera phiri kupita kwa mayi Stamena, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona. Anamupeza masana akusenda nyemba pakhonde.

"Wafika, mmisiri," anatero mayiyo osadzutsa mutu. "Ukufuna chuma, kapena ukufuna munthu?"

"Zonse ziwiri, amayi."

"Olankhula chilungamo ndi ochepa. Khala pansi." Anataya makoko m'dengu. "Kuseri kwa phiri lino kuli galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yakalekale, ya mpikisano. Mwini wake anamwalira, ndipo makolo ake sakufuna kuionanso. Ukaigule. Kenako undibweretsere ulusi umodzi wa chovala chimene chamwa thukuta la mdani wakoyo."

"Basi?"

"Usathamange, chizimba sindinanene. Ulusiwo ukaumanga m'injini, galimotoyo ndi mwini ulusi akhala thupi limodzi. Uziiliza m'mawa uliwonse. Iyamba kudwala, ndipo ikamadwala iwe uzilemera. Matenda ake uziwapeza, poti khutu uli nalo, koma usakonze ngakhale limodzi. Tsiku limene udzakonze, chuma chidzakuthawa. Tsiku limene injini idzazime yokha, mwini ulusi wapita."

"Apite," anatero Milutin.

Apa mpamene mayi Stamena anadzutsa mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Uonetsetse kuti ulusiwo ndi wa iye yekha. Mankhwala anga sadziwa dzina la munthu, amatsata thupi."

"Ndani winanso angavale zovala za chimimba chija?"

"Chabwino. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Milutin anasinthanitsa munda wa mapulamu umene bambo ake anamusiyira ndi galimoto ija. Slavka analira masiku awiri, koma iye sanamve. Ulusi sunavute. Dobrivoje anali ndi juzi yotuwa yopanda manja, yakale, imene sankasiyana nayo, ndipo ankaikoleka pamsomali akamasamba m'manja. Milutin anawoloka msewu ngati wobwereka jeke, n'kusolola ulusi umodzi m'khosi mwa juziyo. Mayi Stamena anaumanga mfundo zisanu ndi zinayi, ndipo Milutin anaukulunga pansi pa kabureta, pamene diso silifika.

Sabata isanathe, munthu wina wa ku Belgrade anafika ndi galimoto yakale imene inali italephereka m'magaraja anayi. Milutin anamvetsera kamodzi n'kuikonza asanamalize kumwa khofi. Mbiri inawanda ngati moto wa m'chilimwe. Eni magalimoto akale anayamba kubwera kuchokera ku Niš, ku Novi Sad, mpaka ku Austria komwe, ena atanyamula magalimoto awo pamalole. Chisakasa chija chinagwetsedwa, pamalopo panaima garaja yoposa ya tsidya, ndipo nyumba inakwera nsanjika. Kompyuta ya Dobrivoje inalibe polowera m'magalimoto akalewo, choncho iye ankangoonerera ali pakhomo pake.

Galimoto yofiira inali ndi chipinda chake kuseri. M'mawa uliwonse Milutin ankailiza, n'kuika chitsulo chake pakhutu mokondwa ngati munthu womvera nyimbo. Mwezi woyamba anamva pampu ya mafuta ikuwefuka, injini ikusowa mpweya ikapondedwa. Analidziwa vutolo, ndipo analisiya. Anasuzumira tsidya kuti aone ngati mlamu wake akupuma mobanika, koma Dobrivoje anali kudya soseji, akuseka ndi anthu odutsa.

Mwezi womwewo Slavka anayamba kuima pakati pa masitepe a nyumba yatsopano kuti apume.

"Masitepewa andikalambitsa, bambo," anatero akumwetulira.

"Uzolowera. Unazolowera umphawi, ulephere masitepe?"

M'chilimwe redieta inayamba kudontha, madzi n'kumasakanikirana ndi oyilo. Milutin anatsegula chotsekera, anaona thovu lotuwa, anadziwa kuti gasiketi yapsa, n'kutsekanso. Miyendo ya Slavka inatupa moti silipasi zinaleka kulowa. Madokotala a m'tauni anamupima, anamupatsa mapilitsi, koma sizinasinthe. Pofika nthawi yokolola mphesa, silinda imodzi inasiya kuwotcha, ndipo injini inkagunda katatu n'kudumpha kamodzi. Slavka ankakhala pampando atagwira pachifuwa, singano zolukira zili pamiyendo.

Taonani uchitsiru wa chidani. Munthu wotha kumva bawuti yomasuka galimoto ikudutsa pamsewu analephera kumva mpweya wa mkazi wogona naye chipinda chimodzi. Maso ake onse anali tsidya, ndipo chimene chinkamupweteka n'chakuti Dobrivoje sankaonda. Garaja ya magalasi inali itachita fumbi, koma mwini wake anali wonenepa ngati kale, masaya ali psuu.

"Nkhumba imeneyi ndi yolimba," Milutin ankadziuza yekha. "Ikubisa ululu kuti ndisasangalale."

Loweruka lina m'mawa, kupirira kunamuthera. Mayi Stamena anamuletsa kukonza, koma sanamuletse kufulumizitsa. Analiza galimoto yofiira, anagona pansi pake, anamasula bawuti yotsekera oyilo n'kuiponya m'ngalande ya kuseri kwa garaja. Oyilo wakuda anayamba kutsikira m'beseni. Milutin anapukuta m'manja, anatuluka, n'kukaima pachipata kuti aone ndi maso ake mlamu wake akugwa.

Dobrivoje sanagwe. Anawoloka msewu akubwera kwa iye, nkhope ili gwaa, juzi yotuwa ija ili m'manja.

"Alamu, za ine ndi inu tiziike pambali," anatero. "Ndinakunyozani pa slava, ndinalakwa, pakamwa panga mpotayirira. Koma mlongo wanga akutha, ndipo inu mukungosisita zitsulo. Ndalankhula ndi dokotala wa mtima ku Vienna. Mawa ndikumutenga, mufune musafune."

"Inuyo muli bwanji m'thupi?" anafunsa Milutin, akumuyang'anitsitsa milomo.

"Ine? Ndilibe ndi chimfine chomwe. Zaka zonsezi chandisunga n'chimenechi." Anatukula juzi ija. "Slavka anandilukira ndikupita kunja. Anameta tsitsi lake n'kulipota pamodzi ndi ubweya wa m'khosimu, monga ankachitira malemu amayi athu, kuti tsoka likamandifuna lizipeza iye ali pakhomo. Ndabwera kudzamufunditsa, mwina imubwezere mphamvu zake."

Kuseri kwa garaja injini inayamba kulira mawu ena, owuma, a chitsulo chokhulana ndi chitsulo. Milutin anawamva bwinobwino. Anadziwa kuti ndi mabeyaringi, ndipo anadziwanso kuti atsala ndi mphindi zingati.

Anathamanga. Anagwetsa mashelefu pofuna chigubu cha oyilo, anatsegula boneti, n'kuthira chigubu chonse. Oyilo watsopano, woyera ngati uchi, analowa pamwamba n'kutulukira pansi, kudzaza beseni mpaka kusefukira. Bawuti inali m'ngalande. Katswiri wa chigwa chonse anali ataiwala chinthu chimene ngakhale wophunzira wa tsiku limodzi saiwala.

Anadziponya pansi pa galimoto n'kutseka bowolo ndi chala chake chachikulu. Chitsulo chinali chotentha moti khungu linanyeka, koma sanachotse.

"Alamu, thirani china! Thirani, chonde!"

Dobrivoje, wosadziwa kanthu, anamutsatira n'kutola chigubu chachiwiri. Asanatsegule, injini inagunda katatu, inadumpha, inagunda kamodzi, n'kuima. M'garajamo munangoti zii. Kunyumba kunamveka kachinthu kakang'ono kakugwa pamasitepe, kakudumphadumpha mpaka pansi. Inali singano yolukira.

Anamupeza Slavka atakhala pasitepe yachisanu, mutu atatsamiritsa kukhoma, sokosi losamaliza lili m'manja. Linali la saizi ya phazi la Milutin.

Maliro atatha, Milutin anakweranso phiri lija. Mayi Stamena anali pakhonde pomwe paja.

"Munandipusitsa, mfiti inu. Mubwezeni."

"Ndinakuuza kuti uonetsetse. Ndinakuuzanso kuti usakonze, ndipo oyilo unathira uja ndi kukonza. Mkazi wapita, chuma chapita. Zimene unapempha unalandira, mmisiri, tsika phiri lisanakuterere."

Magalimoto anasiya kubwera. Amene anabwera, Milutin ankaika chitsulo pakhutu n'kunena kuti akumva mtima ukugunda katatu n'kudumpha, ndipo eni ake ankathawa nawo. Anaphwasula injini ya galimoto yofiira chidutswachidutswa, anaimanganso, anaiphwasulanso, koma sinalirenso. Nyumba ya nsanjika inagulidwa ndi anthu ena. Dobrivoje atamva nkhani yonse pakamwa pa Milutin yemwe, sanamumenye, sanamutengere kupolisi. Ankangomutumizira mkate ndi msuzi wa nyemba tsiku lililonse, ndipo ankati, "Adye, akhale ndi moyo wautali. Ndikufuna azikumbukira."

Lero mukadutsa kumanda a m'mudzimo masana, mupeza munthu wa ndevu zanyankhalala atagwada pamanda amodzi, nsonga ya sikuludiraiva ili pamwala, chogwirira chili pakhutu, maso atatsinzina. Mukamupatsa moni amakweza chala chopserera chija n'kunena kuti, "Khalani chete, yatsala pang'ono kulira."

Chuma cha mankhwala sichibwera chokha, abale anga, chimabwera ndi mwini wake, ndipo iye amasankha yekha chimene atenge m'nyumba mwako. Milutin anali ndi luso, munda wa mapulamu ndi mkazi womulukira masokosi, koma dyera ndi njiru zinamuuza kuti alibe kanthu mpaka mnzake atagwa. Dzenje limene anakumbira mlamu wake linameza munthu yekhayo amene ankamukonda ali wosauka.