Tsiku Limene Getrude Anatsekera Durga m'Kabati

Nkhaniyi si yongopeka ayi. Getrude Msaiwale alipo, timapemphera naye mpingo umodzi, ndipo Lamson, nesi amene anali naye pa shifiti tsiku la zoopsazo, ndi munthu woti sanama ngakhale pa nkhani za mpira.

Getrude ankagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi Murdoch, kuno kutsidya kwa nyanja. M'chipinda cha kumapeto munkagona Mayi Ghosh, gogo wachimwenye amene mutu unali utayamba kuiwala. Ana awo anali kutali ku Sydney, ongobwera mwa apo ndi apo. Pa tebulo pafupi ndi bedi panali kafano ka mkuwa: mkazi wa manja khumi, atakwera mkango, mkondo wake utalasa njati. Ameneyo ndi Durga, mulungu wamkazi wankhondo wa Ahindu, ndipo njatiyo ndi chiwanda chimene iye amagonjetsa.

Getrude, mwana wa mkulu wa mpingo, kafanoko kankamusowetsa mtendere. Akamasambitsa gogoyo ankangoona ngati kakumuyang'ana. Tsiku lina gogoyo ali mtulo, anakakulunga m'thaulo, n'kukaponya m'kabati ya zovala, n'kukiya. Mumtima anati wagwira ntchito ya Ambuye. Ife tomwe tikanamuombera m'manja, tisaname.

Mayi Ghosh atadzuka anayang'ana pa tebulo paja. "Ma ali kuti?"

Apa ndiye panalakwika. Getrude anayesa kuti akufunsa za mayi awo owabereka, monga amachitira okalamba oiwala. Sanadziwe kuti Ma ndi mmene anthu akwawo amamutchulira Durga. Anagwada mwaulemu wa kwathu, n'kuwagwira dzanja.

"Agogo, Ma anatisiya kalekale. Sabweranso."

Gogoyo sanalire. Anangoti, "Basi, njati ilowa." Kuyambira pamenepo anakana chakudya, madzi omwe ankachita kuwakakamiza, ndipo ankafooka anthu akuona.

Patapita masiku, masana dzuwa likuswa mtengo, akhwangwala amene amabuula panja anangoti zii. Getrude akukankha kangolo ka tiyi mu kolido anamva fungo. Osati la mankhwala okolopera. Fungo la khola, ndowe ndi ubweya wonyowa, ngati kwawo ku Mitundu nthawi ya dzinja.

"Achimwene, mukulimva?" ananong'oneza Lamson, amene anali pafupi.

"Khalani chete, sisi," anatero Lamson.

Kenaka ziboda. Gu. Gu. Pang'onopang'ono, kulowera kuchipinda cha kumapeto. Sanaone kanthu. Anangomva mpweya wotentha ukuwadutsa, makatani n'kugwedezeka.

Anathamangira komweko. Mayi Ghosh anali atatong'olera maso pakhomo. "Ma. Ma." M'kabati muja munkamveka kumenya. Osati kwa dzanja limodzi. Manja ambiri, nthawi imodzi, chitseko chikuchita kupindika.

"Mwatsekeramo chiyani umu?" anafunsa Lamson.

Pamenepo m'pamene Getrude anazindikira Ma amene gogoyo ankafuna. Anapisa m'thumba. Kiyi munalibe. Anali m'chikwama chake, kuchipinda cha antchito. Anathamanga, nsapato imodzi n'kuvuka, osaitola.

Pobwera anapeza kuli bata. Fungo litatha. Lamson anali ataima pambali pa bedi, zala pamkono pa gogoyo, akupukusa mutu.

Adokotala anadzati chinawapha ndi mtima, ndipo pa msinkhu umenewo palibe anadabwa. Koma adokotalawo sanaone zimene Getrude anaona atatsegula kabati. Thaulo lija linali zidutswazidutswa. Chitseko, mbali yamkati, chinali chokumbikakumbika, thabwa litatsala lopyapyala ngati pepala. Kunangotsala pang'ono kuti chibooke. Kafanoko kanali chiimire, mkondo utapindika.

N'zomvetsa chisoni, abale: munthu kufera m'dziko la eni, ana ali kutali, akukhulupirira kuti ngakhale womuteteza wamutaya.

Getrude anakanyamula, iye amene sankafuna n'komwe kukakhudza, n'kukagoneka pachifuwa pa gogoyo. Mkuwawo unali wotentha ngati thupi la munthu amene wathamanga mtunda wautali.

"Pepani," anatero, misozi ili mbwembwembwe.

Lamson akuti mpaka lero sadziwa kuti Getrude ankapepesa ndani mwa awiriwo.