Chikwangwani Chomwe Chinagona M'buti

Banja la a Morton Nankhuni ku Rockville linali lija anthu amalozera ana awo akamawalangiza. Bambo ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, mayi Edness anali namwino, ndipo m'nyumbamo munthu sankagwira supuni asanatsinzine. Mwana anali mmodzi yekha, Gwendoline, amene anabwera ku Amereka ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chichewa ankamva bwino lomwe, koma ukamufunsa kanthu ankakubwezera m'Chingelezi.

Lamulungu masana banjali linkapemphera m'katchalitchi kamatabwa mu msewu wa Quarry, m'tauni ina yaing'ono kumtunda kwa Rockville. Anakamanga kalekale ndi anthu akuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo. Zidzukulu zawo zinabalalika, kunangotsala okalamba ochepa, ndipo ndiwo analola Amalawi ndi Azambia kuti aziimbiramo nyimbo zakwawo. Makiyi ankasunga ndi mayi Odessa Tolliver, a zaka 84, amene agogo awo aamuna anapala gome la paguwa ndi manja awo.

Mu 1983 Gwendoline, ali ndi zaka 22, analembedwa ukalaliki ku komiti yoteteza nyumba zakale ya tauniyo. Komitiyo inali ya anthu asanu ndi awiri osankhidwa ndi meya ndi khonsolo kwa zaka zitatu: wojambula mapulani a nyumba, mphunzitsi wa mbiri yakale, loya, ndi nzika wamba zinayi. Sankalipidwa. Ankakumana kamodzi pa mwezi, Lachitatu la sabata yachiwiri. Nyumba ikangolowa m'kaundula wawo, mwini wake sakanatha kusintha ngakhale zenera lakutsogolo popanda chilolezo, ndiye kugwetsa sitinena n'komwe. Koma anthuwa anali ndi ntchito zawo kwina, ndipo ankangoona zomwe kalaliki wawaikira patebulo.

Ntchito ya Gwendoline sinali yothyola msana. Pempho likabwera ankalidinda tsiku, n'kulilemba m'buku, kenako n'kukakhoma chikwangwani pa nyumbayo kutatsala masiku khumi kuti msonkhano uchitike, kuti aliyense wokhudzidwa adzayankhule. Bwana wake, mayi Marjorie Hollis, ankayang'anira matauni atatu, choncho ankabwera kawiri kokha pa sabata. Tsiku loyamba anamugwiritsa chidindo n'kumuuza kuti chikangogunda papepala, masiku ayamba kuwerengedwa. Akatha 45 komiti isanayankhe, lamulo limati yavomera.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti likulu la mpingo wa eni katchalitchi lagulitsa malowo kwa kampani ina yomanga nyumba. Anthu anada nkhawa. A Nankhuni, amene anali mkulu wa mpingo, anaimirira pambuyo pa mapemphero, chifuwa chili patsogolo.

"Katchalitchi kano kali m'kaundula. Palibe angakagwetse komiti isanatimve. Tidzayamba taona chikwangwani pakhomo, ndipo wodzachikhomayo ndi mwana wanga."

Mayi Tolliver atawamasulira mawuwo anagwedeza mutu, mtima wawo n'kukhala pansi.

Miyezi itatu yoyamba Gwendoline anaigwira ntchito ngati mkamwini watsopano. Kenako anadziwana ndi Chileshe, mtsikana wa ku Lusaka amene ankagulitsa mafuta onunkhira m'sitolo ina ku Rockville. Anayamba ndi kudyera limodzi nkhomaliro ya ola limodzi. Olalo linakula n'kukhala awiri, kenako masana onse.

"Iwe Gwen, ba boss bako kulibe lelo," ankatero Chileshe ali pakhomo la ofesi. "Mapepa alibe mendo, sazathaba. Tiye ku filimu, uzachita mailo." Mailo m'Chinyanja cha kwawoko ndiye mawa.

Tsiku lina munthu anapempha kukonza khonde la nyumba yake, ndipo Gwendoline anayenera kukaijambula kuti komiti ione. Iye anangosolola chithunzi chakale m'failo n'kuchimata pa lipoti. Palibe anazindikira, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka, chifukwa anaphunzira kuti ulesi ukhoza kudutsa osagwidwa. Kutchalitchi nako anasiya, ati Lamulungu ndi tsiku lokhalo lopuma, ngakhale kuti zomwe ankapumirazo sizinkaoneka.

Mayi Hollis anamudzudzula kawiri chifukwa cha maminitsi ochedwa. Mayi ake nawo anaona kuti mwana akubwera ndi matumba a m'sitolo pakati pa sabata.

"Mwananga, ine kuchipatala ndikaiwala mankhwala a munthu mmodzi, palibe amafunsa ngati ndinatopa. Zengerezu analinda kwawukwawu."

Gwendoline anaseka, n'kuyankha m'Chingelezi kuti zake ndi mapepala chabe, ndipo pepala silinaphepo munthu.

Pa 21 Sepitembala kunabwera bambo wa suti ndi envulopu. Chileshe anali akuimba hutala panja. Gwendoline anadinda makope onse awiri, kusaina, n'kumubwezera bamboyo yake, osawerenga ngakhale mzere woyamba. M'buku sanalembe. Anatenga envulopuyo ndi chikwangwani chimodzi n'kuziponya m'buti ya galimoto yake, ati akakhoma pobwerera. Pempholo linali la kampani ija, lofuna kugwetsa katchalitchi ka mu msewu wa Quarry.

Msonkhano wa Okutobala utayandikira anakumbukira kuti chikwangwani sichinakhomedwe, ndipo kuika pempholo pa ajenda kukanamuulula. Anangoti liona mwezi wamawa. Kuwerenga masiku pa kalendala yomwe inali pamphuno pake kunamukanika. Akanawerenga, akanaona kuti masiku 45 akutha pa 5 Novembala, pomwe komiti ikukumananso pa 9.

Sabata imeneyo a Nankhuni anamufunsa patebulo. Anati anthu aona amuna awiri akuyeza malo kuseri kwa tchalitchi, ndiye kodi kuofesi kwafika pepala lililonse?

"Palibe, Dad," anayankha, maso ali m'mbale.

"Wayang'ana bwino? Ndinalonjeza anthu m'dzina lako."

"Ndati palibe."

Sankadziwa kuti akunama, koma sankadziwanso kuti akunena zoona, ndipo kiyi wa buti anali m'chikwama chake pampando womwewo.

Lolemba pa 7 Novembala loya wa kampaniyo anapita ku ofesi yopereka ziphaso zomanga ndi kugwetsa nyumba, atanyamula kope yodindidwa ija. Wapaofesiyo anaimba foni ku komiti kuti afunse. Mayi Hollis anali ku tauni ina, Gwendoline anali ku kanema ndi Chileshe, foni inangolira yokha. Bambo wa ziphasoyo anayang'ana maminitsi a Okutobala, sanapezemo yankho, anawerenga masiku, n'kusaina. Sanalakwe chilichonse.

Lachitatu m'mawa, akutayipa ajenda ya tsikulo, Gwendoline anakumbukira envulopu ija. Anaipeza pansi pa matumba a nsapato, n'kuitsekula koyamba. Dzina la msewu linali Quarry. Analemba tsiku la msonkhano pa chikwangwani chija, n'kuliza galimoto.

Anapeza denga lili pansi. Chigalimoto chogumulira chinali chikukankha khoma lomaliza, ndipo mabenchi ndi mabuku a nyimbo anaziunjika m'mbali mwa msewu. Gome la paguwa silinatulutsidwe, poti linali lokhomeredwa pansi. Bambo ake anali pomwepo, atathawa kuntchito ataimbiridwa foni, akugwiriziza mayi Tolliver pamkono.

Gwendoline anatsika chikwangwani chili m'manja. A Nankhuni anachiwerenga pang'onopang'ono. Chinkaitana anthu onse okhudzidwa kuti adzapereke maganizo awo madzulo a tsikulo. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Uchikhoma pati, mwananga?"



Madzulo chipinda cha komiti chinadzaza kuposa kale lonse. Wapampando atafunsa kuti pempholo linadutsa bwanji iwo osaliona, Gwendoline anaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira chithunzi chakale chija mpaka foni yosayankhidwa. Chimenecho chokha tingamuyamikire. Loya wa m'komitimo anati nkhani ikhoza kupita kukhoti, koma khoti silidzutsa matabwa. Anagwirizana kuti kuyambira pamenepo buku la mapempho lizisainidwa ndi anthu awiri, ndipo m'mawa mwake Gwendoline anachotsedwa ntchito.

Anaimbira Chileshe akulira. Mnzakeyo anamvetsera pang'ono, kenako anati, "Manje ine ninakudonsa na ntambo?" Ankatanthauza kuti sanamukoke ndi chingwe. Anawonjeza kuti ali ndi kasitomala, n'kudula foni.

Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. A Nankhuni anatula pansi ukulu wa mpingo, ndipo kwa miyezi yambiri ankakhala kumbuyo kwenikweni m'chipinda chapansi cha sukulu ina, komwe mpingo unasamukira. Mwana wawo sanamukalipire ngakhale tsiku limodzi. Gwendoline ankalakalaka akanamukalipira.

Patatha milungu itatu analimba mtima n'kupita kwa mayi Tolliver. Anagwada pakapeti monga ankaonera mayi ake akuchitira pamaso pa akuluakulu, n'kupepesa. Mayiwo anamuuza kuti adzuke, kuno sagwadira anthu. Anati amukhululukira, chifukwa pa msinkhu wawo alibe mphamvu yonyamula mkwiyo. Kenako anapisa m'thumba la juzi n'kutulutsa kiyi wamkulu wachitsulo, wakuda ndi ukalamba, n'kumufumbatitsa.

"Usunge. Chitseko chake kulibe. Ukadzapezanso ntchito, uziika pa desiki pako."

Gwendoline anabwerera kutchalitchi, ndipo patapita chaka anapeza ntchito ina yolemba makalata ku Manassas, kiyi uja ali pambali pa makina otayipira. Pamalo pa katchalitchi paja anamangapo nyumba khumi ndi ziwiri zofanana. Mayi Tolliver anamwalira mu 1985, ndipo mwambo wa maliro awo unachitikira m'holo yobwereka.

Inu achinyamata, musamati tchimo ndi kuba ndi kuledzera kokha. Gwendoline sanabe kalikonse, sanalandire chiphuphu, sanafunire munthu zoipa. Anangoti ndichita mawa, n'kuyankha kuti palibe asanayang'ane. Ntchito imene mwapatsidwa, ngakhale ikhale yokhoma chikwangwani, pali anthu amene akuidalira, ndipo ambiri a iwo simukuwadziwa. Mulungu amakhululukira waulesi akalapa, koma zomwe zinagwa iye ali ku kanema sizidzukanso.